Zaka 11 zodikira kuti singano igwedezeke

Aliyense amene anadutsa m'kalasi ya fizikisi kusekondale anakumanapo ndi lamulo la Faraday. Ambiri tinaliloweza ngati vesi la ku Sande sukulu: mphamvu ya maginito ikamasintha pafupi ndi waya wokulungidwa, m'wayamo mumayenda magetsi. Buku limazitcha electromagnetic induction, limajambula kachithunzi ka maginito ndi waya, kenako pamayeso pamabwera funso la malikisi 4, basi nkhani yatha. Zikafotokozedwa chonchi munthu umaganiza kuti aliyense amene anali ndi maginito ndi waya akanatulukira zimenezi m'mawa umodzi asanadye nkhomaliro.

Mbiri yake ndi yotalikirapo. Kuyambira 1820 mpaka 1831 akatswiri otchuka a ku Paris, Geneva ndi London anafunafuna njira yopangira magetsi kuchokera ku maginito, ndipo ankabwerako chimanjamanja. Ena anali ndi zipangizo zonse zoyenera patebulo pawo. Mmodzi anaziona ndi maso ake koma anazinyalanyaza. Ndikufuna tione chimene chinawalepheretsa ndi chimene chinathandiza Michael Faraday, chifukwa yankho lake likukhudza mmene ifeyo timaphunzirira sayansi, komanso nthano imene timakonda kudzitonthoza nayo yoti munthu wanzeru safuna labotale.

Funso linayambira pa kampasi

Mu 1800 Alessandro Volta wa ku Italy anapanga batire loyamba posanjikiza timbale ta zitsulo za mitundu iwiri, n'kuika kansalu kapena kakatoni konyowetsedwa m'madzi amchere pakati pake. Kwa nthawi yoyamba anthu anakhala ndi magetsi oyenda mosalekeza, osati ongothetheka kamodzi n'kuzima. Mu 1820 Hans Christian Ørsted, mphunzitsi wa payunivesite ya Copenhagen ku Denmark, anaona kuti singano ya kampasi imapotoloka ikakhala pafupi ndi waya amene mukuyenda magetsi. Mu Julayi chaka chomwecho anasindikiza kapepala ka masamba 4 m'Chilatini n'kukatumiza kwa asayansi a m'mayiko a ku Ulaya.

Nkhaniyi inawanda msanga. Pasanathe miyezi itatu André-Marie Ampère wa ku Paris anasonyeza kuti mawaya awiri amene mukuyenda magetsi amakokana kapena kukankhana ngati maginito. Ku Halle, m'dziko la Germany, Johann Schweigger anapeza kuti ukazunguliza waya kambirimbiri mozinga singano ya kampasi, ngakhale magetsi ochepa kwambiri amaigwedeza. Apa m'pamene panabadwira galvanometer, chipangizo chimene m'nkhani ino tizingochitcha singano. Mu 1825 William Sturgeon wa ku England anaonetsa chitsulo chopindidwa ngati chilembo cha U, chokulungidwa waya, chimene chinkasanduka maginito batire likalumikizidwa.

Aliyense amene ankatsata nkhanizi anafika pa funso limodzi: ngati magetsi amabala maginito, maginito sangabalenso magetsi? Faraday analemba zimenezi m'kabuku kake mu 1822, pa mndandanda wa zinthu zoti adzayese. Funsolo linali labwino koma linali ndi msampha. Magetsi oyenda mosasintha amapanga maginito osasintha, choncho aliyense ankayembekezera kuti maginito amphamvu ongokhala phee pafupi ndi waya apereka magetsi oyenda mosalekeza. Ankaika maginito, n'kudikira kuti zonse zikhazikike, kenako n'kuyang'ana singano. Pofika nthawi imeneyo chimene ankachifunacho chinali chitachitika kale n'kutha.

Amene anaphonya pang'ono

Mu 1822 ku Geneva, Ampère ndi mnyamata wina dzina lake Auguste de la Rive anapachika kamkombero ka mkuwa pa ulusi, m'kati mwa waya wokulungidwa, n'kuika maginito pafupi. Atalumikiza batire kamkomberoko kanasuntha, chikhalirecho mkuwa sukokedwa ndi maginito. Chinakasuntha ndi magetsi obadwa chifukwa cha kusintha kwa mphamvu ya maginito, zaka 9 Faraday asanawapeze. Ampère anali ndi maganizo ake kale pa za mmene maginito amagwirira ntchito, ndipo mtima wake unali pa kuwatsimikizira. Zimene anaonazo anazitchula mwachidule n'kupitiriza zina.

Mu 1824 François Arago, wa ku Paris komweko, anazunguza mbale ya mkuwa pansi pa singano ya maginito, ndipo singanoyo inayamba kutsatira mbaleyo. Ku London, Charles Babbage ndi John Herschel anabwereza zimenezi mu 1825 n'kupeza kuti ukacheka timipata m'mbaleyo mphamvu yokoka singano imachepa kwambiri. Lero tikudziwa kuti m'mbalemo munkazungulira magetsi, ndipo timipatato tinkawadulira njira. Nthawi imeneyo panalibe amene anafotokoza zomveka, ndipo nkhaniyi inakhala chinsinsi kwa zaka 7.

Womvetsa chisoni kwambiri ndi Jean-Daniel Colladon wa ku Geneva. Mu 1825 anakulunga waya, n'kumulumikiza ku singano, n'kulowetsa maginito amphamvu m'kati mwa wayayo. Amenewa ndi mayeso omwewo amene amajambulidwa m'mabuku athu. Koma poopa kuti maginitowo angakoke singano mwachindunji n'kumunamiza, Colladon anaika singanoyo m'chipinda china, n'kuilumikiza ndi mawaya aatali. Ankalowetsa maginito, n'kuyenda kupita kuchipinda chinacho, n'kupeza singano ili pamalo pake. Inkagwedezeka iye ali m'njira. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekhako kumathandiza ukakhala pafupi ndi nkhonoyo.

Faraday nayenso analephera. Mu Novembala 1825 anagoneka waya wa batire pambali pa waya wina wolumikizidwa ku singano, ndipo analemba m'buku lake kuti sanaone kanthu. Anayesanso njira ina mu 1828, osaphula kanthu.

Mwana wa wosula zitsulo

Faraday anabadwa pa 22 Seputembala 1791 kum'mwera kwa mzinda wa London. Bambo ake anali wosula zitsulo wodwaladwala, ndipo sukulu imene mwanayo anapitako inangomuphunzitsa kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera pang'ono. Ali ndi zaka 14 anayamba kuphunzira ntchito yosoka ndi kumata mabuku kwa George Riebau, ndipo anakhala pa ntchitoyi zaka 7. Riebau ankamulola kuwerenga mabuku obwera kudzasokedwa. Awiri anamukhudza kwambiri: nkhani ya magetsi mu Encyclopaedia Britannica, ndi buku la Jane Marcet lotchedwa Conversations on Chemistry. Mu 1812 kasitomala wina anamupatsa matikiti okamvera Humphry Davy akuphunzitsa ku Royal Institution. Faraday analemba notsi, n'kuzisoka kukhala buku la masamba oposa 300, n'kulitumiza kwa Davy popempha ntchito. Mu Malichi 1813, wothandiza wa m'labotale atachotsedwa ntchito chifukwa cha ndewu, Faraday analowa m'malo mwake pa malipiro a masheleni 25 pa sabata.

Anthu olimbikitsa achinyamata amakonda kulekezera nkhaniyi pamenepa: mnyamata wosauka, wosaphunzira, anasintha dziko. Koma tawerengani zaka. Kuchokera 1813 kufika 1831 ndi zaka 18, ndipo zambiri mwa zakazo Faraday anali m'modzi mwa malabotale abwino kwambiri a nthawi imeneyo. Kuyambira Okutobala 1813 mpaka Epulo 1815 anayenda ndi Davy ku France, Italy ndi Switzerland. Paulendowu ankagwiranso ntchito ya wantchito wa m'nyumba, ndipo mkazi wa Davy ankamunyoza, komabe anakumana ndi Ampère ku Paris ndi Volta ku Milan. Mu Seputembala 1821 anapangitsa waya kuzungulira maginito mosalekeza, chimene ndi kholo la mota iliyonse ya magetsi. Mu 1825 anatulukira mankhwala a benzene, ndipo chaka chomwecho anakhala mkulu wa labotale.

Sikuti zonse zinkayenda myaa. Anthu anamunena kuti nzeru ya mota anaba kwa William Wollaston, ndipo Davy yemweyo anatsutsa zoti asankhidwe kukhala membala wa Royal Society, ngakhale kuti anasankhidwabe mu 1824. Kenako anapatsidwa ntchito yofufuza kapangidwe ka magalasi abwino a makina oonera nyenyezi, ndipo inamudyera zaka zingapo popanda phindu looneka. Davy anamwalira mu 1829. Pakati pa 1831 Faraday anapempha Royal Society kuti imumasule pa ntchito ya magalasi kuti aike mtima pa zina zimene zinali m'maganizo mwake. Patangopita milungu yochepa singano inagwedezeka.

Miyezi itatu ya 1831

Pa 29 Ogasiti 1831 Faraday anatenga mkombero wa chitsulo chofewa, waukulu ngati kambale, masentimita pafupifupi 15 m'mimba mwake. Waya wokutidwa ndi pulasitiki kunalibe, choncho pokulunga waya wa mkuwa ankaika ulusi pakati pa mizere ndi nsalu ya kaliko pakati pa misanjiko kuti wayayo asagundane. Anakulunga mbali ziwiri zosakhudzana, imodzi anaitcha A, inayo B. Waya wa mbali ya B anamudutsitsa pamwamba pa singano imene inali pafupifupi mita imodzi kuchokera pa mkomberowo, patali mokwanira kuti chitsulocho chisaikoke koma pafupi moti maso ankaiona. Atalumikiza batire ku mbali ya A, singano inadumpha, n'kugwedezeka uku ndi uku, n'kubwerera pamalo pake. Batire linali chilumikizire koma singano inali duu. Atadula waya wa batire, singano inadumphanso.

Munthu wofuna magetsi osalekeza akanati mayesowo alephereka. Faraday analemba zonse monga anazionera, n'kuyamba kusintha chinthu chimodzichimodzi. Pa 24 Seputembala anachotsa batire n'kugwiritsa ntchito maginito okhaokha: akagunditsa maginito ku chitsulo chokulungidwa waya singano inkadumpha, akawachotsa inkadumphanso. Pa 17 Okutobala anakulunga waya pa kachubu ka pepala n'kulowetsamo maginito mofulumira. Singano inapita mbali imodzi. Atawatulutsa inapita mbali inayo. Atawasiya m'kati osawasuntha, panalibe chochitika. Pa 28 Okutobala anapita ku Woolwich, kunyumba ya Samuel Hunter Christie kumene kunkasungidwa maginito aakulu a Royal Society, n'kuzunguza mbale ya mkuwa pakati pa nsonga zake. Waya mmodzi ankakhudza pakati pa mbaleyo, wina m'mphepete. Singano inapotoloka n'kukhala chipotolokere nthawi yonse imene mbale inkazungulira. Imeneyi inali jenereta yoyamba, ndipo inamasuliranso chinsinsi cha mbale ya Arago. Pa 24 Novembala 1831 zotsatirazi zinawerengedwa pamaso pa Royal Society.

Pofotokoza zimene anapeza, Faraday anagwiritsa ntchito chithunzi chimene mwana aliyense angachione. Ukawaza zinyenyeswa za chitsulo papepala limene pansi pake pali maginito, zimandandalikana m'mizere yokhota kuchokera ku nsonga imodzi kupita ku inzake. Faraday anati waya akamadula mizere imeneyi, kapena chiwerengero cha mizere yodutsa m'kati mwa waya wokulungidwa chikamasintha, magetsi amabadwa. Kusinthako kukafulumira magetsi amakula, waya akakulungidwa kambiri amakulanso, ndipo ukatembenuza kayendedwe magetsi amatembenukanso. Zilibe kanthu kuti chikuyenda ndi maginito, ndi waya, kapena palibe chikuyenda koma mphamvu ya maginito ikukwera ndi kutsika monga zinalili pa mkombero uja.

Mphunzitsi wa ku Albany

Kutsidya la nyanja, ku Albany m'chigawo cha New York, kunali mphunzitsi wa masamu ndi sayansi dzina lake Joseph Henry. Pa luso lopanga maginito a magetsi iyeyu ankaposa aliyense: mu 1831 anapangira koleji ya Yale maginito onyamula makilogalamu oposa 900. Nayenso anaona magetsi obadwa ndi kusintha kwa mphamvu ya maginito, payekha, m'nyengo yomweyo. Koma Henry ankaphunzitsa ana maola ambiri tsiku lililonse ku Albany Academy, ndipo kafukufuku wamkulu ankamuchita patchuthi, m'chipinda chimene sukulu ikatsegula ankayenera kuchotsamo zipangizo zake. Anasindikiza zake mu Julayi 1832, atamva kale za Faraday. Dzina lake linapatsidwa ku muyeso wina wa zamagetsi, koma lamulo timalitcha la Faraday.

Tikaika anthuwa pamzere tikuona kuti nzeru onse anali nazo. Ampère anali katswiri wa masamu kuposa Faraday kutalitali, koma maganizo amene anali nawo kale anamutseka m'maso. Colladon anali ndi zipangizo zoyenera koma anaziika motalikirana, ndipo analibe womuyang'anira singano. Henry anali ndi luso koma nthawi yake inathera pa choko. Faraday mu 1831 anali ndi labotale pansi pa nyumba imene ankagona, nthawi yake inali m'manja mwake, anali ndi chizolowezi cholemba ngakhale zolephereka, ndipo anali ndi bungwe lokonzeka kumva ndi kusindikiza zimene wapeza. Buku lake la m'labotale, limene anayamba kulipatsa manambala a ndime mu 1832, linafika pa ndime 16,041. Malipiro ake ku Royal Institution anali mapaundi 100 pa chaka, kuphatikizapo nyumba, malasha ndi makandulo. Sizinali ndalama zambiri, koma zinkabwera chaka ndi chaka popanda womufunsa kuti mkomberowo ugulitsidwa liti.

Masamu anabwera pambuyo

Faraday sankadziwa masamu apamwamba, ndipo m'mabuku ake akuluakulu a kafukufuku wa magetsi mulibe masamu amene timaloweza lero. Akatswiri ena, monga George Airy, mkulu wa zakuthambo ku Greenwich, ankaona mizere ya Faraday ngati maganizo osalongosoka. Woyamba kulemba lamuloli m'masamu anali Franz Neumann wa ku Königsberg mu 1845. Koma amene anatenga mizere ija n'kuipatsa msana anali James Clerk Maxwell wa ku Scotland, amene anabadwa pa 13 Juni 1831, milungu 11 tsiku la mkombero lisanafike. Maxwell anayamba ntchitoyi mu 1855, ndipo pofika 1865 anasonyeza kuti magetsi ndi maginito osinthasintha amayenda ngati mafunde pa liwiro la kuwala, ndiponso kuti kuwala komweko ndi mafunde otero. Heinrich Hertz anapanga mafundewo m'labotale ku Karlsruhe mu 1887 ndi 1888. Wailesi, foni ya m'manja ndi Wi-Fi zinachokera kumeneko.

Choncho amene amati masamu alibe ntchito chifukwa Faraday sanawadziwe akulakwitsa. Popanda Maxwell mizere ija ikanangokhala chithunzi. Komanso taonani dongosolo lake: manja ndi maso zinayamba, chithunzi chinatsatira, masamu anabwera pomaliza. M'kalasi timayambira kumapeto, ndipo nthawi zambiri timathera komweko.

Magetsi aulere kulibe

Mu 1834 Emil Lenz wa ku St Petersburg anawonjezera mfundo imene imayankha funso lakuti mphamvuyo imachokera kuti. Magetsi obadwawo amayenda mbali imene imalimbana ndi kusintha kumene kwawabala. Ukamakankhira maginito m'waya wokulungidwa, wayayo amasanduka maginito okukankha, ndipo ukamawatulutsa amakukoka. Aliyense amene anapalasapo njinga usiku dayinamo itagunda tayala akudziwa kuti njinga imalemera. Kulemerako ndiwo mtengo wa kuwala kwa nyali. Maginito sapereka mphamvu yawoyawo, amangosandutsa mphamvu ya miyendo, ya madzi, ya mphepo kapena ya dizilo kukhala magetsi. Mukaona kanema pa TikTok kapena YouTube wosonyeza babu ikuyaka ndi maginito ongomatidwa pa fani imene palibe chikuizunguza, dziwani kuti penapake pabisidwa batire.

Kuchoka pa mkombero kufika pa Shire

Zimene Faraday anapeza sizinasinthe moyo wa munthu wamba msanga. Mu 1832 Hippolyte Pixii wa ku Paris anapanga kajenereta kopukusa ndi dzanja, koma magetsi ake anali ochepa. Mu 1858 nyali ya magetsi ochokera ku majenereta a maginito inayatsidwa pa nsanja younikira sitima zapamadzi ya South Foreland, pafupi ndi Dover, ndipo Faraday, amene anali mlangizi wa bungwe loyang'anira nsanjazi, anakaiona yekha. Mu 1866 ndi 1867 Werner Siemens ku Berlin, Charles Wheatstone ndi Samuel Alfred Varley ku London, aliyense payekha, anapeza kuti jenereta ingathe kudyetsa maginito ake a magetsi ndi gawo la magetsi amene ikupanga, ndipo izi zinatsegula njira ya majenereta aakulu. Faraday anamwalira pa 25 Ogasiti 1867 nyumba za ku London zikuunikiridwabe ndi gasi ndi makandulo.

Mu 1871 Zénobe Gramme anaonetsa dayinamo yoti n'kugulitsa kumafakitale. Pa 4 Seputembala 1882 Thomas Edison anatsegula malo opangira magetsi a Pearl Street ku New York, zaka 51 chichitikireni mayeso a mkombero. Magetsi a Edison ankayenda mbali imodzi pa mavolti 110, ndipo sankafika patali chifukwa ambiri ankathera kutenthetsa mawaya. Yankho linali mkombero womwe uja. Mbali ya B ikakulungidwa kambiri kuposa mbali ya A mavolti amakwera, ikakulungidwa pang'ono amatsika, ndipo magetsi a mavolti ambiri amayenda mtunda wautali osataya mphamvu yochuluka. Koma mkombero umayankha pokhapokha pakakhala kusintha, ndiye pamafunika magetsi opita ndi kubwera mosalekeza. Mu 1885 Károly Zipernowsky, Ottó Bláthy ndi Miksa Déri a kampani ya Ganz ku Budapest anaonetsa thiransifoma yodalirika, ndipo mu 1891 magetsi anayenda makilomita 175 kuchokera ku Lauffen kupita ku Frankfurt.

Kuno kwathu malo oyamba aakulu opangira magetsi ndi madzi, Nkula A pa mtsinje wa Shire, anatsegulidwa mu 1966 ndi mamegawati 24, zaka 135 kuchokera 1831. Ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira madzi amakankha makina amene amazunguza maginito a magetsi m'kati mwa mawaya okulungidwa. Magetsiwo amapita ndi kubwera ka 50 pa sekondi iliyonse. Mathiransifoma amawakweza kufika mavolti 66,000 kapena 132,000 kuti ayende ulendo wa ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ena amawatsitsa kufika 33,000 kapena 11,000, ndipo ya pamtengo pafupi ndi kwanu imawafikitsa pa 230. Ngakhale magetsi a dzuwa a ku Salima, amene sabadwa ndi maginito, amadutsa m'thiransifoma asanalowe m'mawaya a ESCOM. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 mpaka 2023. Kuzimazima kwa miyezi imeneyo linali phunziro la Lenz kwa dziko lonse: pakasowa madzi okankha makina, maginito paokha sapereka kanthu. Ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse ndiwo ankaunikira nyumba zawo ndi magetsi a m'mawaya.

Zimene mbiriyi ikutifunsa

Tili ndi nkhani yathu yofanana ndi ya Faraday. Cha mu 2002 William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, atasiya sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, anawerenga mabuku a mulaibulale yaing'ono ya pasukulu ya pulaimale, n'kumanga makina a mphepo ndi mitengo ya bulugamu, fani ya thirakitala ndi zitsulo za njinga. Mtima wa makinawo inali dayinamo ya njinga, maginito ozungulira m'kati mwa waya wokulungidwa. Nkhaniyi ndi yonyaditsa, koma ndimadandaula ndikamva ikugwiritsidwa ntchito ngati umboni woti wofunadi safuna thandizo. Kamkwamba anali ndi laibulale, monga Faraday anali ndi shopu ya Riebau, ndipo atadziwika anapita ku African Leadership Academy ku South Africa ndi ku Dartmouth College ku America. Amene tiyenera kuwaganizira ndi anzake ambirimbiri amene mudzi wawo unalibe laibulale, ndi aphunzitsi athu a m'mayunivesite amene ali ngati Henry, kalasi ya anthu mazana m'mawa, mapepala ochonga usiku, kafukufuku patchuthi ngati ndalama zapezeka.

Wina angati dziko losauka lisataye ndalama pa mafunso amene phindu lake lidzaoneka patapita zaka 50, lingogula zimene ena anatulukira kale. Mfundoyi ili ndi mbali yoona, pakuti palibe chifukwa chotulukiranso jenereta. Koma jenereta yogula imafuna munthu woimvetsa. Makina a ku Nkula akawonongeka, kapena mudzi wa m'mphepete mwa phiri la Mulanje ukafuna kupanga magetsi ndi kamtsinje kake, pamafunika anthu amene anakulungapo waya, n'kulephera, n'kudziwa chifukwa chake. Anthu otere amaphukira kumene kufufuza n'chizolowezi. Mayiko a African Union anagwirizana kale kuti aziika 1 peresenti ya chuma chawo pa kafukufuku, ndipo ambiri sanafikepo. Ife amene tikumaliza maphunziro tili ndi ufulu wofunsa za lonjezo limeneli nthawi iliyonse bajeti ikamawerengedwa.

Pali chinanso chimene sichidikira bajeti. Ambiri mwa ife tidzaimapo kutsogolo kwa kalasi, ena m'masukulu oyendera amene alibe labotale. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo mwana amene wangomva za lamulo la Faraday kwa mphunzitsi amene nayenso anangolimva adzalemba zoloweza n'kuiwala. Mayeso a pa 17 Okutobala 1831 safuna nyumba ya labotale. Maginito ali kumbuyo kwa sipika iliyonse yakufa, waya wa mkuwa wopyapyala ali m'mota ya fani kapena m'thiransifoma ya wailesi yakale kwa okonza mawailesi kumsika, ndipo kampasi yokulungidwa waya ndiyo singano. Palani nsonga za wayayo kuti zilumikizane bwino, ikani kampasi patali pang'ono ndi maginito koma patebulo lomwelo, mwana mmodzi asunthe maginito wina ayang'ane singano. Kenako auzeni asiye maginitowo osawasuntha, ndipo alembe m'kope zimene aona, ngakhale zitakhala kuti sanaone kanthu.